Ng'ombe za a Manase ndi Dzanja Langa

Lachitatu, 27 Novembala

Elliot Chimbalanga. Dzina lokhali landidyera m'mawa wonse. Ndikanakhala Phiri bwenzi nditapuma kalekale. Dzanja lamanja lili ngati lobwereka. Bolopeni ikungogwa. Basi.

Lachinayi, 28 Novembala

Adokotala akuti ndi sitiroko, koma yaing'ono. Inandipeza Lolemba ndili pa bolodi mu Sitandade 7. Choko chinangopulumuka chokha, ana n'kuyamba kuseka, kenako n'kuyamba kulira. Pofika kuno kuchipatala BP inali 190 pa 110. Lero 170 pa 100. Mankhwala: asipirini ndi kapiritsi ka BP m'mawa. Mchere andiletsa. Pakamwa pawongoka, mwendo ukukoka pang'ono, dzanja ndiye kaya. Ndikuopa.

Lachisanu, 29 Novembala

Kope ili si nzeru zanga. Ndi lamulo la a Towera, mayi wa mafizo, wolimbitsa odwala ziwalo, wamfupi, wosaseka msanga. Amabwera m'mawa kudzandipinda zala, kundifinyitsa kampira, kunditoletsa nyemba m'mbale. Munthu wamkulu ngati ine kutola nyemba!

"Asambizgi, muzilemba tsiku lililonse," atero. Asambizgi ndiye aphunzitsi m'Chitumbuka chawo.

"Ndizilemba chiyani?"

"Chilichonse. Olo zimene mwadya."

Ndadya phala lopanda mchere. Ndalemba.

Loweruka, 30 Novembala

Abwera ahedi kuchokera kusukulu kwathu ku Sangilo, atanyamula mango a ana anga. Anayamba ndi pemphero, n'kuzungulira uku ndi uku, kenako anafika pamene amafuna. Ku ofesi akuti sukulu ikamatsegulidwa mu Januwale ndikakhale ndi kalata yachipatala yonena kuti nditha kulemba pa bolodi. Apo ayi, andipumitsa ntchito chifukwa cha matenda.

Ndinachoka ku Ntcheu ndili mnyamata kudzagwira choko kuno ku Karonga. China chimene ndimadziwa palibe.

Dzulo a Towera anati tsiku limene ndidzalembe tsamba lathunthu, munthu wina n'kuliwerenga osandifunsa kuti apa pali chiyani, adzauza adokotala alembe kalatayo. Ndayang'ana zimene ndalemba masiku awa. Nkhuku ikapalasa pamaoneka bwino.

Lamulungu, 1 Disembala

BP 160 pa 95. Kukutentha zedi, bedi likuchita kuwotcha msana.

Kumanzere kwanga kuli a Chakufwa, msodzi wa ku Sangilo komweko, mwendo unathyoka pa njinga yamoto. Pakamwa pawo ndiye sipanathyoke. Kumanja kuli a Manase a ku Kaporo, mkulu wa imvi, vuto la mkodzo, anawaika paipi. Amanditchula kuti Mwalimu, mphunzitsi m'Chiswahili.

Mkazi wanga, mayi a Khumbize, akugona kumalo a odikirira odwala. Lero anatumiza uthenga kunyumba, abweretsa kope lina lija, lachikuto cholimba, limene ndinagula kalekale kuti ndilembemo buku langa. Anandiyalutsa pamaso pa wodi yonse.

"Awa ali ndi buku m'mutu chikwatiranireni. Kopeli tasamuka nalo nyumba zitatu, mkatimo mbee."

Sakumvetsa. Ine sindikufuna kulemba zimene ena analemba kale. Ndikaganiza za chikondi, zilipo. Za ufiti, zilipo. Za ana amasiye ndiye zadzadza mashelefu. Ndikufuna chinthu choti munthu akawerenga anene kuti ichi sindinachimvepo.

Lachiwiri, 3 Disembala

Dzulo sindinalembe. Ndinatsegula kope lolimba, ndinati poti nthawi ndili nayo, buku liyambike. Ndinakhala tsiku lonse bolopeni ili m'manja kudikira chiganizo choyamba. Sichinabwere. Lero zala zauma gwa.

A Towera akalipa. "Tsiku limodzi lokha, mwandibwezera kumbuyo sabata yathunthu. Dzanja silidziwa kuti nkhani ndi yatsopano kapena yakale, asambizgi. Limangofuna kuyenda."

Ndinati zoti ndadya phala zanditopetsa.

"Ndiye lembani zimene akuyankhula adada a kumanja kwanuwa. Sakhala chete."

A Manase anaseka mpaka kugwira pamimba.

Lachitatu, 4 Disembala

A Manase ali ndi nkhani imodzi yokha padziko lapansi: ng'ombe zawo ziwiri zapagoli. Ukayamba za mpira amathera ku ng'ombe. Ukayamba za tchalitchi, ng'ombe. Ndalemba pang'onopang'ono, kupumira, iwo n'kumabwereza.

Yaikulu dzina lake Kayelekera, chifukwa anaigula atasiya ulonda kumgodi wa dzina lomwelo. Inzake ndi Mapenenga, chifukwa imayenda monyang'wa, khosi m'mwamba, ngati anyamata a gule uja atavala zoyera.

Akuti pomanga goli, yambani Mapenenga. Mukayamba Kayelekera, Mapenenga amaona kuti kuli ntchito, ndiye mumupeza kwa aneba.

Zathera pamenepo, dzanja lakana. Bolopeni yagwa kanayi. Zilembo zikutsetsereka ngati zikupita kunyanja.

Lachinayi, 5 Disembala

BP 150 pa 95. Andiyeza shuga, alibe vuto. Ndayenda ndi ndodo mpaka pakhomo la wodi.

Za lero. Kayelekera diso lakumanzere silipenya bwino, unamubaya munga ali wamng'ono. Choncho amayenda kumanja, mumzere, kuti diso lakufalo liyang'ane kwa mnzake. Mukamuika kumanzere amadzidzimuka ndi chilichonse, ngakhale kakowa.

A Chakufwa anadzutsa mutu. "Aticha, mukulemba zimenezo zoona? Kuti ng'ombe imayenda mumzere? Mawa mulembanso kuti nsomba imakhala m'madzi."

Zinandiwawa, chifukwa inenso ndimaganiza zomwezo. Ku Kaporo mwana aliyense amadziwa kumanga goli. Mabuku a zaulimi a Sitandade 6 ali nazo, ndi zithunzi zomwe. Ine amene ndimafuna kulemba zosamveka kwina kulikonse, lero ndine mlembi wa ng'ombe ya diso limodzi.

A Manase anangoti, "Pole pole, Mwalimu, pang'onopang'ono. Tapitirizani."

Lachisanu, 6 Disembala

Mayi Keziya, akazi awo a Manase, abweretsa mbalaga, nthochi zija zophika ndi nyama, fungo lake kudzadza wodi yonse. Ananditengera pang'ono asanathire mchere. Mayi a Khumbize anayang'anitsitsa mbaleyo ngati apolisi a pa rodibuloko, kenako analola. Ndadya ndi dzanja lamanja, zina zagwera pa malaya, koma ndadya.

Kayelekera samenyedwa. Ukamukwapula amagona pansi m'matope momwemo, ndipo olo muitane abusa sadzuka. Amamvera mluzu. A Manase anaimba mluzuwo, wautali umodzi, waufupi pambuyo pake. Anamwino anatulukira kudzaona kuti kwagwanji.

Ndinafunsa kuti mluzu ndiulemba bwanji. Anati, "Inu ndiye mwalimu." Ndajambula mzere wautali ndi kadontho.

Loweruka, 7 Disembala

Ndaona chinthu. Ndikamalemba za ine, dzanja limatopa msanga, chifukwa maso amakhala pa zala. Ndikamalemba za ng'ombe ndimathamangira kuti mawu a mkuluyu asandithawe, zala ndimaziiwala.

Musanaike goli, sambitsani makosi. Thope la dzulo likaumira pamenepo, mchenga wake umapala khungu, pakutha sabata chilonda. Zikeyi, timitengo tija tolowa m'goli, za Mapenenga zikhale zotalikirana pang'ono, khosi lake ndi lonenepa. Yambani dzuwa lisanatuluke, masulani chithunzithunzi chanu chikafupika. Madzi musazipatse zili wefuwefu, ziyambe zapuma.

Apa panabuka mkangano. Bambo wina wa bedi la pakona, wa ku Lupembe, anati iye zake amazimwetsa pompopompo ndipo sizinafepo. Wina anati makosi amapaka mafuta, sasambitsa. Anasiya Chichewa, analowa Chinkhonde ndi Chitumbuka, manja m'mwamba, madiripi akugwedezeka. Anthu amene m'mawa amabuula! A Chakufwa, omwe aja amati ndi zopanda pake, ndi amene anakuwa kuposa onse, chonsecho ng'ombe alibe.

Kenako onse anatembenukira kwa ine. "Aticha, tawerengani pamene mwalembapo." Ndinawerenga. Ndine ndekha amene ndingathe.

Lolemba, 9 Disembala

Mvula yoyamba yeniyeni. Fungo la dothi lalowa m'mawindo, wodi yonse yapuma. A Manase okha sanakondwe. Anakhala tsonga kuyang'ana panja nthawi yaitali.

Kunyumba kuli mwana wawo wamkazi, Lughano, amene anabwerera pakhomo mwamuna wake atamwalira. Wamwamuna ali ku Mbeya, samveka. Lughano kudzala mpunga amatha, kupalira amatha, koma pulawo sanaigwirepo. Aneba alipo oti n'kuthandiza, koma akuti onse ndi a chikwapu.

Ananena chinthu china chimene anati ndilembe ndi zilembo zazikulu. Madzi a mtsinje akayamba kulowa m'munda, usayambe kupulumutsa pulawo kapena mbewu. Yamba kumasula goli. Ng'ombe yokha imasambira, koma ziwiri zomangidwa pamodzi zimamizana. Anaziona kwa mchimwene wawo chaka china.

Zilembo zazikulu ndi zovuta kuposa zazing'ono. Ndayesetsa.

Lachiwiri, 10 Disembala

Mutu ukuwawa. BP yakweranso, 175 pa 100. Awonjezera piritsi lina. A Towera anatenga kope, anapatsa namwino kuti awerenge tsamba la Loweruka. Anakakamira pa mzere wachiwiri. Januwale ali pafupi. Sindikufuna kuyankhula ndi munthu.

Lachitatu, 11 Disembala

155 pa 90. Ndagona kwambiri.

Mayi a Khumbize anandisambitsa, n'kunena kuti ndikapuma ntchito tikhoza kubwerera ku Ntcheu, tikalime mbatatesi. Amanena mondilimbitsa mtima, koma ndinawakalipira. Anangotola beseni n'kutuluka. Madzulo anabwera ndi phala ngati palibe chachitika.

A Manase sanadye. Mapazi atupa. Za ng'ombe sananene kanthu, ndipo wodi inali zii.

Lachinayi, 12 Disembala

Awatenga magazi a Manase. Pa raundi adokotala anayankhula nawo motsitsa mawu, kenako anaitanira mayi Keziya panja. Akuti impso sizikugwira bwino, akuyenera kupita kuchipatala chachikulu ku Mzuzu. Ambulansi ilipo Loweruka.

Masana anandikodola. Mawu achepa mphamvu.

"Mwalimu, tinafika pati?"

Ndinati pa madzi a mtsinje.

"Chatsala ndi pokhota."

Pofika kumapeto a mzere, musakoke chingwe mwamphamvu. Itanani dzina la Mapenenga, iye ndiye amayamba kukhota, Kayelekera amatsatira. Tsamiritsani pulawo, musainyamule, mungathyoke msana. Madzulo muzizipatsa madeya pang'ono ndi dzanja, kuti zizolowere fungo la munthu watsopano.

Ndinalemba zonse. Bolopeni yagwa kamodzi.

Lachisanu, 13 Disembala

Ndatola nyemba zonse m'mbale, a Towera anangogwedeza mutu. Ndamanga mabatani a malaya ndekha. Ndayenda opanda ndodo mpaka ku mpopi.

Mayi Keziya akulongedza mapoto. Aimbira Lughano kuti abwere mawa m'mawa adzatsanzikane ndi bambo ake.

Loweruka, 14 Disembala

Ndilemba zonse, ngakhale dzanja latopa.

Lughano anafika m'mawa, mayi wamtali, matope a ku Kaporo ali m'masiketi. Anagwada pambali pa bedi, anayankhula ndi bambo ake m'Chinkhonde nthawi yaitali. A Manase anayamba kumufotokozera za ng'ombe, koma mpweya umawathera, amasokoneza, amayamba za zikeyi n'kudumphira ku mtsinje. Kenako analoza kwa ine.

"Zonse zili kwa Mwalimu."

Ndinamupatsa kope. Anatsegula, anayang'ana, anatembenuza tsamba, anayang'ananso. Ndi mayi waulemu. Anati, "Aphunzitsi, pepani, maso angawa." A Chakufwa anati ajambule ndi foni. Lughano anati kujambula ajambula, nanga kumunda akamuwerengera ndani?

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Namwino anati ambulansi inyamuka dalaivala akangobwera kothira mafuta.

Ndinauza mayi a Khumbize kuti andipatse kope lolimba lija. Anandipatsa. Ndinang'amba masamba apakati, oyera bwino, amene ndakhala ndikusungira buku losamveka kwina kulikonse. Ndinaika pilo pamiyendo, ndinayamba kukopera.

Kukopera, ntchito imene ndimapatsa mwana wochedwa kubwera m'kalasi! Mawu a munthu wina, onena zinthu zimene Kaporo yense amadziwa, ndiponso olembedwa kale ndi ine ndemwe. Koma sindinaganize zimenezo nthawi imeneyo. M'mutu munali Lughano ali yekha m'munda kusanache, pepala lili m'manja, Mapenenga akumuyang'ana. Ndinati chilembo chilichonse chiime chokha, ngati ndikulembera ana a Sitandade 1 okhala kumbuyo. Yambani Mapenenga. Kayelekera kumanja. Osamenya. Sambitsani makosi. Thukuta linatsika mpaka m'chigongono. Mayi a Khumbize amandipukuta kumaso. 

Anabwera ndi machira kudzatenga a Manase ndili pa za mtsinje. Iwo anauza anyamatawo kuti adikire, Mwalimu sanamalize. Anadikira.

Masamba anakwana atatu. Lughano anaimirira pakati pa mabedi, anayamba kuwerenga mokweza kuti bambo ake amve ngati zili momwemo. Chichewa chake ndi cha kuno, chokoka, koma anawerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ine ndimangodikira pamene ati aime n'kufunsa. Anaima pamodzi pokha.

"Nanga mzere uwu ndi kadonthoka?"

A Manase, ali pa machira, anakoka mpweya n'kuimba mluzu. Unatuluka wofooka. Lughano anayesa, sunamveke. Anayesanso. Bambo ake anavomera m'Chinkhonde, "Ena, ndi umenewo." Apo mayi Keziya anayamba kulira.

Podutsa pa bedi langa mkuluyo anandigwira dzanja, lamanja lomweli, ndipo ndinamva kugwira kwake zala zonse. "Ndagha, Mwalimu," anathokoza m'chiyankhulo chawo. Anatuluka nawo.

Nditatembenuka ndinapeza a Towera ataima pakhomo. Loweruka sagwira ntchito, anangobwera kudzatenga ambulera yawo imene anaiwala. Kaya anafika nthawi yanji.

"Bolopeni yagwa kangati?" anafunsa.

Ndinati sindinaone.

"Ine ndinaona. Sinagwe."

Anatenga mbale ya nyemba pa kabati yanga, anakaiika pa bedi la pakona. Ine zotola nyemba zatha.

Lamulungu, 15 Disembala

Dzanja latupa pang'ono, likuwawa mpaka paphewa. Ndi ululu wabwino. 145 pa 90. Bedi la a Manase alowapo kale munthu wina. Ndikumusowa mkulu uja.

Lachiwiri, 17 Disembala

Kalata yalembedwa. Akuti ndibwerere m'kalasi mu Januwale, koma ndizibwera ku mafizo kawiri pa mwezi, ndipo bolodi ndiyambe ndi theka. Mapiritsi ndi a moyo wonse, mchere ndi wa anthu ena. Mayi a Khumbize aisunga kalatayo m'Baibulo. Titulutsidwa mawa.

Lughano anaimba pa foni ya mayi a Khumbize. Dzulo analima ndime yoyamba. Mizere yake akuti ndi yokhotakhota, aneba anaima pa mlambala kumuseka, koma Kayelekera sanagone. Za ku Mzuzu akuti bambo ake anafika, awagoneka, adokotala sananene kanthu. Sitikudziwa.

Masana ndikulongedza, a Chakufwa anatsokomola kangapo. Iwo atsala, fupa silinagwirane, ndipo bwato lawo lili ndi mlamu wawo amene akuti ndi mlimi wa chinangwa.

"Aticha, mapepala aja atsalako?"

Ndinati atsala ambiri.

"Pali za nyali zokopera usipa. Kapopedwe kake, ndi pamene umaimika bwato mwezi ukakhala kulibe." Anakanda pa pulasitala, maso ali kudenga. "Si nkhani iyayi. Ku Sangilo aliyense amazidziwa."

Ndinakokera mpando pafupi ndi bedi lawo, ndinatsegula kope lolimba pa tsamba loyamba.

"Yambani," ndinatero, "koma pang'onopang'ono."